Malata a Apongozi

Lolemba, 7 Abril

Lero pabenchi panga panadzaza. Matelefone akutchaja, eni ake akudikira, ine ndikuwawerengera za zikalata zachinsinsi zomwe zabedwa ku dziko lina lamphamvu n'kumwazidwa pa intaneti. Akuti mwalembedwa komwe kuli zombo zawo zankhondo, ndi momwe amamverera mobisa zokamba za adani awo. Adaniwo akwiya, athamangitsa akazembe. Zonsezi n'zakutsidya kwa nyanja.

Koma ine anthu akatchera khutu mutu umandikula. Mnzanga Kalekeni atafunsa ngati dziko lathu lilimo, ndinati lilimo, ndi msewu wathu wa Cassacatiza womwe. Pomwepo inadutsa kamiyawu, galimoto yaikulu ya katundu, yokutidwa lona. Ndinangoiloza ndi mlomo, onse anangoti zii. Zinandikoma, ndisaname.

Lachitatu, 9 Abril

Kalekeni walengeza kumsika kuti mizinga ikudutsa. Akuti wamva kwa ine, Osvaldo wa matelefone, munthu wowerenga. Ndinaseka.

Lachinayi, 10 Abril

Sebastião, woyendetsa kamiyawu, wandiuza kuti m'malona muja ndi mkuwa wa ku Zambia ukupita ku Beira, monga mwa masiku onse. Ngati sindimadziwa.

Lachisanu, 11 Abril

Ndafika kumudzi, nyumba ya apongozi ilibe denga.

Odeta, mkazi wanga, wati amayi ake atamva za mizinga ija anaitana alongo awo, azula malata onse n'kukawabisa m'bango kudambo. Pa nkhondo yapachiweniweni ija anathawira ku Zambia osazula, pobwera anapeza zipupa zokha. Amene anabisa anawapeza awo. Malata awa anagula ndi ndalama za mtedza wa zaka zambiri, bambo ake a Odeta ali moyo. Akuti chakudza sichiimba ng'oma, komanso mkamwini wawo ndi wophunzira, sanganame.

Ndamuuza Odeta zoona. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti ndikawauze ndekha. Ndikawauze bwanji? Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Basi wapita iye. Amuyankha kuti tikungowatonthoza, kuti nthawi ija ankauzidwanso kuti mitima pansi, mpaka tsiku lomwe mudzi unapsa.

Loweruka, 12 Abril

Sindinatsegule benchi. Mitambo yakuda cha ku Mualadzi.

Lamulungu la Kanjedza, 13 Abril

Mvula inagwa tili m'tchalitchi, yamphamvu ngati ya Janeiro. Ine kanjedza m'manja, nyimbo osatuluka.

Kwa apongozi ufa wonse phala. Mabulangete, mbewu ya nyemba, chithunzi cha malemu, zonse zanyowa, ndipo chipupa cha kumvuma chayamba kugumuka. Odeta anawapempha kuti abwere kwathu, anakana, sangagone m'nyumba ya mkamwini. Akhala pansi pa nkhokwe atafunda thumba. Akutsokomola, ndikuwamva ndili pano.

Manyazi otere sindinawamvepo. Kumene kuli zombo zawo kuja palibe wanyowa, wanyowa ndi mayi wondipatsa munda.

Lolemba, 14 Abril

Ndatuta malata kudambo, awiriawiri panjinga, anthu akundiyang'ana. Kalekeni anafunsa ngati nkhondo yaimitsidwa.

Nditamaliza ndinakagwada kuseri kwa nkhokwe, apongozi mbali inayo. Ndinalankhula moyang'ana pansi. Ndinati zikalata zilipodi koma za kuno mulibe, m'makamiyawu muli mkuwa, za msewu wathu ndinapeka ine kuti anthu anditame.

Anatsokomola. Ndimayesa aitana Odeta kuti andiyankhire, koma anandilankhula okha, koyamba chikwatirire.

“Bambo a Marta, ndiye kuti siikubwera?”

“Siikubwera, amayi.”

“Akuluakulu akunjawo akuuzani?”

Anatulutsa dzanja lokha kuseri kwa nkhokwe n'kuika pansi chitini cha misomali, yonse yowongola kale ndi mwala.

Ndinakwera padenga. Nditakhoma lata loyamba ndinawamva pansi, akuyang'ana kumbali.

“Musakhome kwambiri. Tsiku lozulanso ndingadzavutike.”