Bondo la Anjelina

Lamulungu, 4 Juni 1978

Alendo abwerera osadya. Anabwera a Dominiko a ku Kaphuka, amalume ake a Gerevazio, kudzafunsira mbeta mdzukulu wanga Anjelina. Iye potuluka ndi madzi osamba m'manja anangowerama, mwendo wina atautambasula ngati akuyeza mzere. Kugwada ayi. Zake zija za masiku onse. Ndinapsa mtima. Ndinali kumbuyo kwake, ndiye ndinamugogoda ndi phazi kuseri kwa bondo kuti apinde. Kukuwa kwake! Beseni uko, iye uko. Atawongola mwendo ndinamva kuti phwa.

A Dominiko anandinong'oneza kuti, "Kodi mwanayu amagwagwa?" Akuganiza khunyu. Phazi langa sanalione. Ine, ndi pakamwa panga ponsepa, duu.

Lolemba, 5 Juni

Bondo latupa ngati dzungu. Sakundiyankhula.

Lachitatu, 7 Juni

Esitere wapanyumba yoyandikana wachokera kuchigayo. Akuti kumeneko nkhani ndi imodzi, mtsikana wa kwa a Marita, kunena ine, ndi wakugwa, a ku Kaphuka asintha maganizo. Ndinamuuza kuti azisamala ufa wake, osati za eni. Atachoka ndinakakhala kuseri kwa khola nthawi yaitali.

Zaka zitatu Anjelina wakhala akunena kuti agogo, bondo langa limathawa. Ine nkumati bondo lili ndi miyendo? Ndinkati ndi mwano wa sitandade 8.

Lachisanu, 9 Juni

Chipatala cha ku boma. Pokwera basi ayufi anafuna makhadi achipani, langa linali m'mpango, la Anjelina ndinalipeza nditafufuza.

Adokotala ndi kamnyamata ndithu, ndevu sizinagwirizane. Anati akweze chitenje. Ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti maondo a mwana wogona m'nyumba mwanga sindinawaonepo chikulire chake. Ndine ndemwe ndimakuwa kuti aziphimba.

Anayamba ndi mwendo wabwinowo. Anamukhazika m'mphepete mwa bedi, nati wongola pang'onopang'ono. "Agogo, yang'anani kafupa aka kokhala ngati kambale." Kanakwera bwinobwino, kenaka pomalizira psiti, kuthawira kunja. Akuti kafupako kali ndi kanjira kake, koma mwa iyeyu kanjirako n'kosaya. Anamuimiritsa, maondo kugundana, mapazi kutalikirana.

Kenaka anamugoneka, napinda pang'ono mwendo wodwalawo, naika zala pa kafupa kaja kukakankhira kumbali. Sanakankhe n'komwe. Anjelina anadzuka n'kuwagwira dzanja, maso tong'o, milomo ikunjenjemera.

"Basi," anatero adokotala. "Mantha amenewa ndiwo timafuna. Munthu sanganamizire."

Nkhope imeneyo ine ndimaidziwa. Ndaiona kutchalitchi, kumaliro, paliponse pamene ndinati gwada. Ndinkaitcha kukwinya.

Ndinafunsa za khunyu. Anaseka. "Khunyu la m'bondo, agogo?" Kenaka anati kaya pabanja alipo wina wa mfundo zofewa, napinda chala chachikulu cha Anjelina mpaka chinakhudza mkono. Ndinayesa changa mobisa pansi pa shawelo. Chinakhudza.

Anamufunsa kuti chinachitika n'chiyani Lamulungu. Anandiyang'ana kamodzi, nati, "Ndinaterereka."

Amuika chikhakha, masabata asanu ndi limodzi.

Loweruka, 10 Juni

Ndinamuphikira mbatatesi zothira tomato. Wadya za kwa Esitere.

Lolemba, 12 Juni

Gerevazio anadutsa pa njinga, anaima pa mkungudza wa kumsewu, sanalowe. Anjelina anamuona pazenera. Sanalire, ndipo bola akanalira.

Pepala la kuchipatala lilipo, koma a Dominiko sawerenga, ndiponso pepala silinena chimene chinamugwetsa tsiku lija. Wodziwa ndi iye ndi ine. Iye sanena.

Lachiwiri, 13 Juni

Ndapita ku Kaphuka kwa a Dominiko. Wapansi, chisanu chikuluma makutu. Ndinawapeza akukumba mbatatesi ndi akazi awo ndi anthu aganyu anayi. Ndinati tipite pambali, iwo amvekere, "Nenani pompano amayi, dzuwa likupita."

Ndinanena pompo. Kuti mwana sagwa, bondo lake ndi lobadwa nalo, ndipo lachokera kwa ine. Kuti ndinamumenya theche pamaso pawo iwo osaona. Aganyu anasiya makasu. Mmodzi anaseka mpaka kutsokomola.

A Dominiko anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali. "Ndiye mphwanga Gerevazio akadzachedwa kumunda muzidzamutero?"

Ndinati zidzadalira kuchedwa kwake.

Akazi awo ndiwo anadula nkhani. Lamulungu abweranso, akuti mwanayo akhale pampando, asavutike.

Ndafika dzuwa litapendeka, miyendo ili zii. Anjelina anali pakhonde, chikhakha chili tambalale. Ndinamuuza zonse ndili chiimire. Anatokosa mphasa.

"Pamaso pa aganyu?"

"Anayi."

Anayang'ana fumbi la m'miyendo mwanga.

"Khalani pansi agogo, musanagwe nanunso. Anthu angati n'zakumtundu."