Bowa wa m'Chitini cha Mabatani

9 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanamalize, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse.

Abambo ali moyo, musadzidzimuke. Mwendo wa sitiroko uja akuukokabe, koma ndodo akugwira okha. Chimene chavuta n'chakuti akazi awo, a Telala, pakhomo pano palibe. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chichokereni, ndipo amene ndinawachotsa ndine.

Mukudziwa kuti mayi ameneyu sanandilowepo mumtima chibwerereni m'nyumba ya malemu amayi athu. Munthu wosakweza mawu, woseka pakamwa pali potseka, ine amandiopsa. Ndiye mwezi watha, pamene ndinayamba kubwera m'mawa uliwonse kudzawamwetsa abambo mapiritsi awo osungunula magazi aja, ndinaona kachitidwe kachilendo. Ndikangolowa pakhomo, a Telala ankathamangira kukatsuka kapu. Tsiku lina ndinaipeza isanatsukidwe. Inali ndi nsenga zakuda pansi, fungo lake ngati la thabwa lonyowa. Nditafunsa anati, "Ndi tiyi chabe, mwanangu." Tiyi wanji womwera kuseri?

Kenako ndinayamba kuona mikwingwirima m'mikono ya abambo, yakuda bii, chonsecho sanagwe. M'mawa wina ndinapeza pilo ali ndi magazi a kamfuno. Achemwali, mutu wanga unathamanga. Abambo ndi okalamba, nyumba ndi yabwino, mkazi ndi wamng'ono kwa iwo ndi zaka makumi awiri. Musandinamize kuti inu simukanaganiza zomwe ndinaganiza ine.

Ndinadikira Lachitatu, tsiku limene amapita kukagula ulusi. Ndinalowa m'chipinda chawo chosokera n'kuyamba kufufuza ngati wakuba, ndikuvomera. Pansi pa makina, kuseri kwa thumba la nsanza, panali chitini cha mabisiketi chimene amasungamo mabatani. Nditapalasa mabataniwo ndinapeza jumbo, m'kati mwake muli bowa. Si bowa wodya uja ayi. Uyu ndi wouma gwa, wofiirira, wonyezimira pamwamba ngati wopakidwa vanishi. Wina anali wosinjasinja kale, ali m'kabotolo.

Ndikanakhala wanzeru ndikanayamba ndafunsa kwa odziwa. Koma mukundidziwa. Ndinawadikira pabalaza, jumbo ili patebulo, abambo ali pampando wawo.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa atangolowa.

"Ndi mankhwala," anayankha, osadzidzimuka n'komwe.

"Anakupatsani ndani?"

Anangokhala chete. Chete ameneyo ndi amene anandimaliza. Abambo anayesa kundiletsa ndi lilime lawo lolemera lija, amvekere, "Iwe, khala pansi," koma ine ndinali nditayaka kale.

A Telala anati, "Mwanangu, ine nsalu ya mwini sindiiyika pa makina ndisanayese singano pa kansanza. Bowa ameneyu ndinamwa ndekha milungu iwiri ndisanawapatse bambo ako. Mpaka lero, kapu iliyonse ndimayamba ndamwako ine."

Ndinawayankha kuti wopha anthu amaudziwa muyezo umene sungamuphe iye. Mawu oti poizoni ndinawatchula katatu, mokweza, mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Iwo sanalire. Anapinda diresi la kasitomala limene linali lisanathe, anatenga kachikwama, anagwada pambali pa abambo n'kuwauza pamene pali masokosi awo, basi n'kupita kwa mchimwene wawo. Makina anawasiya.

M'mawa mwake ndinapita ndi chidutswa cha bowayo ku famase, kwa mkulu wa magalasi wogulitsa mankhwala uja, ndikuyembekeza kuti andiuza ndithamangire kupolisi. Anachitembenuza, anachinunkhiza, n'kunena kuti, "Uyu si poizoni, mayi. Bowa wotere anthu amamwa kuti azigona bwino, azidya, thupi lilimbeko. Ena amati amawathandiza, ngakhale ine sindingakulonjezeni kuti amachiza sitiroko. Koma bambo anuwo amamwa mapiritsi anji?"

Nditamuonetsa kabokosi, anavula magalasi. Anati ziwirizi zikakumana zimatha kusungunula magazi mopitirira, ndipo bowayo asiyidwe tsiku lomwelo, abambo akayezedwe kuchipatala. Ndinamuuza kuti woperekayo nayenso ankamwa osaona vuto. Iye anati, "Nanga iyeyo amamwa mapiritsiwa?" Apo mpamene ndinamvetsa. A Telala anayesadi singano yawo, koma kansanza kanali ka nsalu ina.

Kuchipatala tinapita, ndipo mikwingwirima yayamba kuzimirira. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Imvani izi.

Nditabwerako ndinakhuthula chitini chonse kuti nditaye zotsala. Pansi penipeni panali kapepala kopinda kanayi. Zolemba zake ndinazizindikira ndisanawerenge, popeza ndi dzanja lomwe linkandilembera homuweki ndili mwana. Panalembedwa kuti, "Theka la supuni m'mawa. Musamuuze mng'ono wanga, ayambitsa phokoso."

Achemwali, kapepalako kali pano patebulo pamene ndikulemba.

Ndiye ndiuzeni. Bowa ameneyu munamutenga kwa ndani? Anakuuzani kuti amachita chiyani? Munamutchulira wogulitsayo za mapiritsi a abambo, kapena inu simudziwa n'komwe zimene abambo amamwa? Sabata yatha ndinakuimbirani ndikulira za mikwingwirima, ndinakuuzaninso za kapu ija. Munati, "Usafulumire kuganizira munthu zoipa," kenako munati netiweki ikuvuta. Usiku wonse ndimaibwereza netiweki imeneyo m'mutu mwanga. Kodi inavutadi? Ndipo ndi zingati zina zimene inu ndi a Telala mumakambirana kumbali, ine wosambitsa abambo mapazi ndili m'chimbulimbuli? Tsopano ngakhale mafuta odzola amene munatumiza aja ndikuwayang'ana kawiri.

Sindikuti munafuna kuwapweteka. Ndikudziwa kuti kukhala kutali bambo ako akudwala kumapweteka, ndipo munthu umafuna kutumiza kena kake. Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi: ndinamutcha mayi uja wakupha pamaso pa mwamuna wake ndi aneba, ndipo akanatha kudzipulumutsa ndi mawu amodzi okha, dzina lanu. Sanakutchuleni. Munamuuza kuti asandiuze, ndiye sanandiuze.

Ndinapita kwa mchimwene wawo Lamlungu. Anandilandira pakhonde, anandipatsa madzi akumwa, n'kundiuza kuti mlongo wawo wagona. Kumbuyo kwa katani ndinkaona mapazi. Foni yanga sakuyankha. Yanu mwina angayankhe. Muwaimbire, muwauze kuti kapepala ndakaona, muwamasule pa lonjezo lanulo. Kupepesa ndikapepesa ndekha, pamaso pa aneba omwewo, koma khomo loti ndilowere mutsegule ndinu.

Chitani msanga. Abambo sakundiyankhula. Mapiritsi akulandira m'manja mwanga, koma chakudya akungochigwiragwira, ndipo thalauza layamba kuwakhwepa. Makina osokera akana kuti ndiwavundikire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Ndawafunsa abambo ngati ali ndi moni woti ndikulembereni. Angoloza kabati. Ndimayesa akufuna madzi. Ayi, amafuna nditulutse makapu awiri monga mwa masiku onse. Ndatulutsa. Imodzi ili apo mpaka pano, yowuma.

Ndine mng'ono wanu,
wa phokoso uja.