Anawabisa Nkhope, Anasiya Epuloni

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Kamvula kowaza tsiku lonse. Kubutchala kwathu kunabwera a TV, mtsikana wa maikolofoni ndi mnyamata wa kamera. Ati akufufuza anthu ogulitsa nyama ya ng'ombe zofa zokha. Amuna anga, bambo a Rejoice, pakamwa paja sipatsekeka. Anakhuthula zonse zimene zimawanyansa pa khalidwe limenelo. Mtsikanayo anafunsa ngati awabise nkhope kuti anzawo asawade. Anavomera, ati ndi ulemu umenewo. Abwera kunyumba akuyenda monyang'wa ngati nduna.

Lachitatu, 11 Juni

Mayo ine. Ndipo tinachita kuitana anthu kudzaonera nkhaniyo pa TV! Amayi a Fiskani oyandikana nafe, amuna awo, ana mbwee pamkeka.

Nyimbo yoyambira nkhani ija, gu gu gu. Wowerenga nkhani suti yakuda, osamwetulira. Pansi mzere wofiira: NYAMA YA IMFA KU MZUZU. Kenaka ntchentche pa nyama, nyama yosakhala yathu, tebulo losakhala lathu. Ntchentche zitangochoka, bambo a Rejoice. Nkhope chifunga chokhachokha. Mawu anawasintha, akumveka ngati munthu woyankhulira m'chidebe. Pa zonse anayankhula zija anangosiyapo izi: "Imalowa m'mamawa, anthu amagula osadziwa."

Koma epuloni sanaibise. Yobiriwira ija, ya thumba la chitenje limene ndinasoka ndekha. Khoma lathu lachikasu. Sikelo yathu.

Pambuyo pake bwana wina mu ofesi, tayi pakhosi, nkhope poyera, dzina lake pansi. Iye ndiye wabwino, aliyense waona.

Amayi a Fiskani anangoti "Yewo, mama," n'kukoka ana awo. Tiyi sanamwe.

Lachisanu, 13 Juni

Mwendo wa ng'ombe wa Lachitatu ukadali pa ngowe. Anthu akudutsa, akuyang'ana khoma, akufulumira. Mayi wa lesitilanti ya kudepoti, kasitomala wathu wakalekale, watumiza uthenga kuti ayamba waima kaye.

Ndinayesa kufotokozera amayi a Fiskani pampopi. Anandimvera bwinobwino, kenaka: "Pepani chomene, mama, koma munthu wosalakwa amubisiranji nkhope?" Inenso kale ndikaona nkhope yachifunga pa TV ndinkati wakuba uyo.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi palibe watinena. Bola akanatinena. Moni wa nsonga za zala. Bambo a Rejoice anayimba nyimbo zonse maso ali pansi.

Rejoice wakana ndiwo. Ati kusukulu akumutcha mwana wa chifunga.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinapita ndekha ku ofesi ya a TV m'tauni. Bambo a Rejoice akana, ati manyazi. Ndinadikira mpaka miyendo kuuma. Mtsikana uja anatuluka, kamwana kaulemu ndithu, mpaka kukwiya nako kumavuta. Ati, "Mayi, timabisa kuti timuteteze munthu." Ndinati kwathu ku Chibavi wobisidwa nkhope ndi wogwidwa, simudziwa? Nanga ntchentchezo munazitenga kuti? Ati n'zithunzi zakale, zongothandizira nkhani, ndipo amene amazilumikiza ndi anthu ena kulikulu, iye amangotumiza. Ati awauza.

Awauza. Ndani? Ndikamenyane ndi ndani? Munthu wake saoneka.

Pobwera wa kabaza anandifunsa ngati ndamva za butchala wa ku Chibavi uja. Ndinati sindinamve.

Loweruka, 21 Juni

Nyama yayamba fungo, magetsi anazima kawiri. Taikwirira kuseri, mwakachetechete ngati ndifedi akuba. Mwini nyumba ya butchala ati ikafika Julayi zinthu zili chonchi apatsa wina malowo.

Bambo a Rejoice sakuyankhula. Munthu wolongolola uja. Amanola mipeni yonolanola kale. Ndikuopa, sindinama.

Kwathu ku Balaka amva. Achemwali aimba foni, funso loyamba: "Koma n'zoona?"

Lachinayi, 26 Juni

Mtsikana uja anaimba masana: muonere lero, akonza.

Bambo a Rejoice anasamba, anavala jekete la ukwati. Ati sakaonera kunyumba, akaonera ku babashopu ya Yona kumene kumadzaza amuna madzulo, onse akamve ndi makutu awo. Ndinawaona akumwetulira koyamba chichitikireni izi.

Ine ndi Rejoice kunyumba. Nkhani zonse zinatha. Zamalonda. Zampira. Zanyengo. Kenaka kumapeto penipeni, wowerenga uja akusonkhanitsa kale mapepala, anati bambo amene anaoneka sabata zapitazo sanali wogulitsa nyama yoipa, anali wothandiza kufufuza, apepesa. Mpweya umodzi basi. Ndipo kumbuyo kwake chithunzi chomwe chija. Chifunga, epuloni, khoma lachikasu. Mzere wofiira womwe uja.

Komabe ndinati bola, anena.

Bambo a Rejoice abwera msanga. Jekete pamkono, kunja kukuzizira chonchi. Ndinati, amva?

"Kwa Yona TV siyankhula, amayi a Rejoice. Amaika nyimbo pa sipika. Aona basi."

Ati wina anakuwa, "Amuonetsanso!" Onse n'kutembenuka.

Andipatsa epuloni kuti ndisomole thumba lija. Lumo ndili nalo apa. Koma khomalo, sikeloyo, nanga nkhope yawo imene sanaionetse n'komwe ndiichotsa bwanji?