Mayi Hedley ndi Chilembo Chimene Chinapsa

Kwa Bambo Alec Hedley, ana, zidzukulu, ndi anthu onse a ku Eshwick,

Ife a Bungwe la Owerenga Zikalata Zakale za Asilikali tagwidwa ndi mantha ndiponso chisoni chachikulu pomva kuti Mayi Muriel Hedley, mlembi wathu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, anatisiya Lolemba m'mawa atadwala masiku anayi okha. Lachitatu lapitali anali nafe pa tebulo lathu m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, galasi lokuzira zilembo lili m'manja, akutikalipira kuti taika makapu a tiyi pafupi ndi mapepala.

Ambiri amayesa kuti chikalata cha msilikali chimawerengedwa ngati kalata ya kwa m'bale, koma si choncho ayi. Alembi a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse analibe nthawi yolemba dzina lonse la gulu la asilikali. Ankangoponya zilembo zitatu kapena zinayi, ndipo zambiri mwa zikalatazo zinapsa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri, zotsala n'kunyowa ndi madzi ozimitsira moto. Mayi Hedley, amene anakulira pa ntchito yophika m'kantini ya ku mgodi, anadziphunzitsa okha kuwerenga zopsazo. Anamasulira zikalata zoposa zikwi zinayi, analemba pamanja kabuku ka zidule za mayina a magulu kamene tonse timadalira, ndipo mabanja ambiri anadziwa kudzera mwa iwo kumene makolo awo anagwa. Wina mwa ife akafulumira kunena tanthauzo la chilembo chosaoneka bwino, ankamugwira pa dzanja n'kunena kuti, "Osalota. Munthu ameneyu sangadzuke kudzakutsutsani."

Uthenga wa chipepeso suyenera kukhala ndi ndulu, ndipo tasinkhasinkha masiku awiri tisanalembe zotsatirazi. Tazilemba ndi chilolezo cha Bambo Hedley, pakuti kuzibisa kukanakhala kuwalakwira malemuwa kachiwiri.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, komiti yosamalira chipilala cha asilikali m'mudzi muno inawonjezera pa mwala mayina khumi ndi limodzi amene anaiwalika kalelo. Dzina la Septimus Raine, amene anamwalira ndi chibayo mu 1917 ali pa usilikali, inalikana. Wina wa m'komitimo anayang'ana chithunzi cha chikalata chake pa kompyuta n'kuwerenga N.C.C., gulu la anthu amene anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima. Nkhani siinagone. Mdzukulu wa Septimus, Mayi Hilda Raine, amene lero ali ndi zaka 88, atalowa m'kalabu ya anthu a ku mgodi Loweruka lotsatira, wina anafuula kuti, "Hilda, bwera ukhale kumbuyo kuno, akwanu paja kutsogolo amakuopa!" Anthu anafa nacho chiseko. Mayi Raine sanapondenso m'kalabumo.

Ife sitiona chamanyazi mwa munthu wokana kupha mnzake, ndipo Mayi Hedley ankati ngakhale zikanakhala zoona, dzinalo linayenera mwala. Koma sizinali zoona. Chilembo chomaliza chinapsa theka. Mayi Hedley anafufuza masamba mazana atatu olembedwa ndi dzanja la mlembi yemweyo, mpaka anaona kuti B wake ankayamba ndi kamchira pamwamba, pamene C analibe. Ndipo kamchirako kanalipo m'mphepete mwa popsa. Kenaka, pa tsamba lachinayi la chikalatacho, limene palibe amene anavutikako kulitsegula, anapeza kuti Septimus anatsekeredwa m'kampu masiku atatu chifukwa chotaya pampu ya njinga ya boma. Gulu lake linali N.C.B., asilikali apanjinga a kumpoto amene ankalondera gombe.

Atapita nazo ku komiti, wapampando, a Clive Ormston, anawamvetsera maso ali pa wotchi.

"Mayi Hedley, chipwirikiti chonsechi chifukwa cha chilembo chimodzi?"

"Bambo Ormston, munthu wokana mfuti pampu ya njinga ya asilikali anaipeza kuti? Ankapopa chikumbumtima?"

A m'komiti ena anaseka, ndipo tikuganiza kuti kusekako ndiko kunatseka chitseko. A Ormston nkhope inafiira. "Komiti inagamula kale. Tikayamba kumvera mayi aliyense wobwera ndi kagalasi kake, mwala udzatha."

Chaka chilichonse Mayi Hedley ankalemba kalata yopempha kuti nkhaniyo iunikidwenso, ndipo chaka chilichonse ankayankhidwa kuti zamveka. Ife tinkati mwina anthuwo akukayikira moona mtima, pakuti kukayikira si tchimo, ndipo kangapo tinawaletsa anzathu kuwaweruza.

Lachiwiri, tsiku limodzi chimwalirireni mayi athuwa, a Ormston anandiimbira foni ine, monga wapampando wa bungwe lino.

"A Elstob, pepani ndi zovutazi, anali mayi olimbikira. Paja nkhani ya Raine ija, tsopano tikhoza kuikonza mwakachetechete. Tingonena kuti komiti yapeza umboni watsopano."

Tikunena poyera kuti zimenezi zatinyansa. Umboni watsopano palibe. Ndi masamba omwe aja amene akhala m'kabati ya komiti zaka zonsezi. Chimene chasintha n'chimodzi chokha: munthu amene anayenera kumupepesa wagona m'bokosi. A Ormston ankadziwa kuti Mayi Hedley akunena zoona, koma anasankha kudikira kuti afe kusiyana n'kuvomera kuti mayi wa m'kantini amawerenga bwino kuposa iwo, ndipo pa kudikirako anasiya nkhalamba ikuyenda mozemba m'mudzi mwake momwe. Nkhata yaikulu ya maluwa imene komitiyo yatumiza ku nyumba ya chisoni sitiinenera kanthu.

Sitinayankhe tokha, popeza dzinalo si lathu. Tinapita kwa Mayi Raine n'kuwauza kuti akangovomera, dzina lilembedwa mwezi uno, ndipo akakana, komiti ikhoza kuumanso mtima iwo osadzaliona. Anasisita bondo.

"Zaka zina zisanu ndi zinayi ine ndilibe, a Elstob, ndikudziwa," anatero. "Koma akanene pamaso pa anthu kuti amene anapeza umboniwo ndi Muriel. Apo ayi, agogo adikirebe. Anazolowera."

Mawu amenewo tawapereka kwa komiti monga analankhulidwira, ndipo ndi uthenga uno kachetechete amene ankafunayo watha. Chimene adzagamule n'chawo. Chimene chinachitika tsopano chikudziwika kwa onse.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Hedley, kwa ana anu Gillian ndi Stuart, ndi kwa zidzukulu. Mulungu akupatseni mphamvu pa tsiku la maliro Lachisanu, ndi pa masiku ovuta amene amabwera anthu akabalalika. Munapirira zaka zambiri mukudyera pa ngodya ya tebulo chifukwa ponse panali mapepala opsa, ndipo ena ankati mayi akutaya nthawi. Sanataye nthawi, bambo. Anawerenga molondola.

Mzimu wawo uuse mu mtendere.

Norman Elstob
Wapampando, Bungwe la Owerenga Zikalata Zakale za Asilikali, Eshwick