Galimoto Ili M'dimba mwa a Gervásio

Amake Isaura,

Musadabwe pabwalo, galimoto sinabedwe. Yakana kulira m'mawa muno, ndiye taikankha pamtsetse monga tinkachitira ndi lole ya malume. Kani zosintha zokha magiyazi sizilira chokankha! Yangotsetsereka chete mpaka m'dimba mwa a Gervásio, yakakhala pa kabichi.

Palibe wavulala. Mekaniku wa ku Ulongwe wati pafoni tisade nkhawa, galimoto zamtunduwu zimakalamba ndi motoro wabwino. Akuganiza kuti chingwe cha bateriya chakhwefuka ndi maenje a msewu wathuwu. Ndakwera chapa, kaminibasi kaja, kukamutenga.

Amayi asavule chitenje chatsopano chija, kuchipatala tipitabe masana.

A Gervásio akabwera apatseni mpando, muwauze kuti kabichi wophwanyikayo tigula yense. Pepanitu, ndiwo za sabata ino mwazidziwiratu.

Valentim