Bedi Lija Likutsala

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Ife kuno tili bwino.

Nkhani ndi yakuti ndapeza nyumba ya lendi, tikusamuka Loweruka. Ili ndi zipinda ziwiri, mpopi uli pakhomo pomwepo, ndipo zenera lake ndi lalikulu moti ndizisoka osayatsa getsi. Laimu ndapaka ndekha. Mukundidziwa, zodikira amisiri ine ayi.

Vuto ndi bedi lachitsulo lija munatipatsa pa ukwati. Ndayeza ndi tepi yanga, pachitseko silingalowe. Nditauza eni nyumba kuti tichotse felemu, akuti, "Mayi, mwabwera kudzachita lendi kapena kudzagumula?" Ndinawayankha zanga mosapsatira, koma tinathera kuseka, mpaka andibwereka wilibala.

Ndiye bedilo likutsala. Musadandaule, wogonapo alipo: bambo a ana, poti iwowo sakusamuka nafe. Zifukwa zake si zapakalata. Chonde amayi musawauze kaye, ndikawauza ndekha ndikapachika makatani.

Ana ayamba kale kulimbirana malo a pazenera. Mukadzabwera mudzawaweruze ndinu, ine ndalephera.

Ndine mwana wanu wamakani uja.