Ndime zanga zikuduka, ndikukayikira Tumpe

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ndikumaliza digiri yachiwiri kuno ku Morogoro, ku Tanzania, ndipo kafukufuku wanga ndi wa alimi a mpunga a ku Kilombero. Ondiyang'anira, a Dokotala Lyimo, analamula kuti tonse tilembe mu LaTeX. Ine ndinazolowera kulemba uku ndikuona tsamba langa. Izi ndi zina: umalemba mawu osakaniza ndi malamulo, kenako n'kudina kuti pulogalamu ikupangire PDF.

Anandiyambitsa ndi Tumpe, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Ndiye anandiikira pulogalamuyo pa laputopu, n'kundipatsanso fayilo yoyambira. Tinkadyera mbale imodzi ya chipisi cha mazira, iye akundiseka: "Iwe, tseka bulaketi! Kwanu simutseka zitseko?"

Mavuto ayamba pa mutu wa zotsatira. Ndinalemba kuti, "Mwa alimi onse, 62% anati mbalame zimawathera mpunga," n'kupitiriza kufotokoza. Mu PDF mwangotuluka "Mwa alimi onse, 62" basi. Kotsalako zii! Ndime zambiri zaduka chonchi. Mu fayilo yanga mawu alimo onse, ndipo pulogalamu siikudandaula chilichonse.

Ndinatumiza osawerenga. A Dokotala anandiitana, anavula magalasi, n'kuti, "Mwana wanga, 62 chiyani? Mbuzi? Ngati zotsatira ukuzibisa, ine sindisayina." Manyazi ake! Ndipo tsiku lomaliza kupereka ndi Lachisanu.

Tsono Aphungu, pali malo amodzi a mphunzitsi wothandizira, ndipo ine ndi Tumpe tonse tikuwafuna. Zake zikutuluka bwinobwino. Mu fayilo yomwe anandipatsa muli mizere yotuwa imene siituluka mu PDF. Wina umati, "dada, dzina lako apa" (dada ndi mchemwali pa Chiswahili). Mawu anga osowawo nawonso atuwa chimodzimodzi. Si malamulo obisika amenewo?

Nditamufunsa anati, "Bweretsa ndione, mwina ndi kanthu kakang'ono." Ndinakana, ndinamuuza kuti akufuna kufufuta umboni. Analira. Pano sitiyankhulana. Ndaganiza zokamunenera kwa mkulu wa dipatimenti, koma mlandu wotere munthu amachotsedwa nawo sukulu. Chakudya sichikulowa. Ndipite?

N. K., Morogoro

N. K. mwanawe,

Vula nsapatozo, ku ofesi sukupita.

Yang'ana pomwe ndime yako yadukira: pa chizindikiro cha peresenti. Mu LaTeX, % chimauza pulogalamu kuti chilichonse chotsatira pamzere umenewo ndi ndemanga ya mwini wake, isachisindikize. N'chifukwa chake siikudandaula: ikungokumvera. Ndipo poti iwe ndime yonse umailemba ngati mzere umodzi wautali, yonseyo ikupita. Zabuka pa mutu wa zotsatira chifukwa ndimo mwadzaza maperesenti.

Mankhwala ake ndi kamzere kopendekera kumbuyo. Ukaike patsogolo pa chizindikirocho, chonchi: 62\%. Yamba wasunga kope lina la fayilo yako. Konza ndime imodzi, dina, uone mawu akubwerera. Kenako saka % paliponse, koma uzikonza chimodzichimodzi. Usayerekeze kusintha zonse nthawi imodzi, chifukwa ndemanga zenizeni zidzakhuthukira mu PDF, a Dokotala n'kuwerenga "dada, dzina lako apa" patsamba loyamba.

Zizindikiro &, $, # ndi _ nazonso zimafuna kamzere komweko ukafuna zioneke monga zilili. Izo nthawi zambiri zimakuwa ukalakwitsa. Peresenti ndiye amadya mwakachetechete, choncho usadzatumizenso PDF usanaiwerenge kuyambira koyamba mpaka kumapeto. A Dokotala uwauze chilungamo, uwaonetse fayilo ndi PDF pamodzi. Akhala akuziona zimenezi.

Tsopano za mizere yotuwa ija. Kaione bwino, upeza kuti uliwonse ukuyamba ndi %. Umenewu ndi mwambo wa olemba LaTeX: amasiyirana malangizo mufayilo, poti sangawononge tsamba. Mnzako anakhala pansi n'kukulozera poti ulembe dzina lako, munthu amene mukulimbirana naye ntchito. Umenewo ndiwo umboni womwe umafuna kupita nawo kwa mkulu wa dipatimenti.

Mantha ako ndikuwamvetsa, Lachisanu layandikira. Koma chenjera. Peresenti umukonza masana amodzi. Dzina la Tumpe likangolowa mu ofesi ija, ngakhale utadzabweza mawu, anthu adzakhala akumukumbukira ndi mlandu umenewo.

Kagule chipisi, mbale imodzi, timitengo todyera tiwiri. Upepese osazungulira. Akavomera kudya, mupatse laputopu aone yekha, monga anakupemphera poyamba paja.

Aphungu